Mmene Ndinakonzera Filiji ya M'kalavani Apongozi Ali M'kati

Ndiyambe ndi kunena kuti filiji ija inazizira. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa anthu amene akuyenda nayo nkhaniyi mu Leicester muno amaidumpha dala n'kuthamangira pamene pali zochititsa manyazi. Filiji inazizira mpaka kuumitsa madzi. Zinazo zinangokhala ngozi za pantchito.

Chinali chilimwe cha 2018, chija dzuwa linaiwala kuti kuno ndi ku England. Udzu wa m'mapaki unauma ngati bwalo la mpira lakwathu mu Okutobala, eni dziko akuyenda atafiira ngati tomato. Apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, anali atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo Tadala. Ife timakhala ku Highfields, dera lina la mu Leicester momwemuno, m'nyumba zija zogundana ngati mano a chipeso. Masiku amene ine ndi mayi a Tadala tinali kushifiti (iwo ndi namwino kuchipatala, ine ndimasamalira okalamba), apongozi ankangokhala pawindo kuyang'ana khoma la eni ake.

Tsiku lina anafunsa mwana wawo, ine ndikumva: "Kodi dziko lino n'lanjerwa lokhalokha? Nanga mkaka mumamwawu, ng'ombe zake zimadyera kuti?"

Funso limeneli linandilasa. Munthu wakwera ndege kuchokera kutali, akabwerere kumudzi kukanena kuti mkamwini wake amakhala m'dziko lopanda ng'ombe? Ndinaganiza zowatengera kumidzi yakuno.

Kuntchito kwathu kuli a Tembo, mnzanga wa ku Zambia, amene ali ndi kalavani. Ndi kanyumba kamateyala kokoka ndi galimoto, m'kati muli mabedi, pophikira, filiji, ndi kachimbudzi kumbuyo kwenikweni. Galimoto yanga ndinaigula ili kale ndi chitsulo chokokera kumbuyo, chimene mpaka nthawi imeneyo ntchito yake inali kungondigunda pamsongolo. A Tembo anavomera kundibwereka. Pondipatsa makiyi anandifotokozera zambiri: za gasi, za filiji, za miyendo inayi ya m'makona imene umatsitsa ndi handulo ukafika kuti kalavani isagwedezeke. Ine ndinkangoti "eya, eya," chifukwa mayi a Tadala anali pomwepo ndipo sindinkafuna kuoneka ngati kanali koyamba kulowa m'kalavani. (Kanali koyamba.)

Lachisanu masana tinafika pafamu ina kumapiri a ku Derbyshire, pamene mlimi amalola anthu kuimika makalavani m'munda wake wa udzu. Magetsi panalibe, koma ng'ombe ndi nkhosa zinali mbwee. Apongozi anatsika, anagwira m'chiuno, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ili ndiye dziko," anatero. "Kungoti eni ake ndi aulesi. Munda wonsewu osadzala ngakhale mzere umodzi wa kachewere."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinasankha malo ooneka bwino koposa onse, pakachitunda kotsetsereka, kuti apongozi akadzuka aziona chigwa chonse. Ndinamasula kalavani kugalimoto, kukoka handibuleki yake, kutsitsa miyendo inayi ija, ndipo ndinaonetsetsa kuti handuloyo ndikupukusa pamene onse akundiona.

Apa ndifotokoze zinthu ziwiri zokhudza apongozi anga. Choyamba, Mulungu anawadalitsa ndi thupi, pamene ine ndine uja mphepo ya ku Leicester ikaomba ndimagwira mpanda. Chachiwiri, ali ndi matenda a shuga ndipo amadzibaya insulini, mankhwala amene amafunika kukhala pozizira. Anabwera nayo kuchokera kumudzi yokwanira ulendo wawo wonse, ndipo anakanitsitsa kusiyako ina kunyumba. Kumene iwo ali, bokosi lonse lizikhala komweko. Choncho mufiliji ya m'kalavani munali nkhuku, soseji, majarini, mkaka, zakumwa, ndi moyo wa apongozi.

Madzulo amenewo mayi a Tadala anaika khutu pafiliji. "Bambo a Tadala, iyi bwanji siikulira?"

"Ndi mtundu wake," ndinayankha molimba mtima. "Zam'kalavani sizilira."

(Pambuyo pake ndinamva kuti sizilira ndithu, zilibe injini. Ndinanena zoona mwangozi.)

Loweruka m'mawa majarini anali atasanduka mafuta ophikira. Mkaka unali pa ulendo wopita ku chambiko. Tadala anagwira botolo la chakumwa chake n'kunditchulira m'Chingerezi chake cha ku Leicester kuti n'lofunda ngati madzi osamba. Mayi a Tadala anatsegula filiji. Anatulutsa bokosi la insulini, analigwira patsaya, ndipo nkhope yawo inasintha kukhala ija ya kuntchito, imene odwala akaiona amasiya kutsutsa. Analikulunga m'thawulo lonyowa, kuliika mundowa, n'kukaiika pansi pa mtengo.

"Izi zingotipirira lero lokha," anatero. "Dzuwa likamalowa filiji isanazizire, tikupakira, tikubwerera ku Leicester."

Ndinayesa nzeru yapafupi. "Bwanji tikapemphe akazi a mlimi atisungire mufiliji yawo?"

Apongozi anayankha poyang'ana mwana wawo, osati ine. "Mankhwala olowa m'magazi mwanga akagone m'nyumba ya munthu amene sindidziwa ngakhale chiwongo chake? Ayi. Ngati zavuta tibwerere kunjerwa kuja."

Kunjerwa kuja. Ndinavula malaya abwino n'kuvala akale.

Netiweki pafamupo inkapezeka pamwamba penipeni pa phiri, pafupi ndi geti, pakati pa nkhosa. Ndinakwera, ndinaonera kanema wina wa pa intaneti, ndipo ndinaphunzira kuti filiji yotere imayendera zinthu zitatu: magetsi, gasi, kapena batire ya galimoto. Ya batireyo imagwira pokhapokha galimoto ikuyenda. Ine ndinali nditaisiya pabatire chichokereni ku Leicester. Kutanthauza kuti kuyambira pamene ndinazimitsa galimoto dzulo lake, chinthucho chinali kabati wamba.

Ndinatsika chothamanga. Ndinapotoza kabatani kuloza pachithunzi cha lawi la moto, n'kuyamba kudina choyatsira. Thethe, thethe, thethe. Moto osayaka. Ndinadina mpaka chala chachikulu chinachita dzanzi, thukuta likudontha pamphuno, mpaka mayi a Tadala anafunsa ali panja ngati botolo la gasi ndalitsegula. Ndinati ndithudi, funso lotani limenelo. Kenako ndinadikira ayang'ane kumbali, ndinazemba kupita kubokosi lakutsogolo, ndinalitsegula.

Kalawi kabuluu kanaoneka pakagalasi kake. (Inde, filiji yoziziritsa ndi moto. Musandifunse, inenso mpaka lero ndimangokhulupirira.) Ndinatuluka chifuwa patsogolo.

"Amayi, zatheka."

"Tiona," anatero apongozi.

Tsopano vuto linali ineyo. Sindinkatha kupirira. Ndikakhala pang'ono ndinkanyamuka kukatsegula chitseko cha filiji, kulowetsa dzanja, kutseka, kubwerera, kenako kunyamukanso. Mayi a Tadala anati ndikapitiriza choncho ndiziziritsa Derbyshire yense filiji ili chifundire. Nkhuku ndi soseji anaziphika zonse m'mawa womwewo zisanatichititse manyazi. Dzuwa litafika pamutu, m'kati mwa filiji munali kakuzizira kongonamizira. Apongozi anabwera, anapisa dzanja, analitulutsa.

"Kwathu mtsuko umazizira kuposa apa," anatero. "Ndipo sudya gasi."

Ndinakweranso phiri kukaimbira a Tembo. Anali kushifiti, ankalankhula monong'ona kuchipinda chochapira zovala, m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka.

"Ah, mulamu, mwachosa makava ya winta? Kunja pambali kuli tumawindo tuwiri twa mphepo. Chosani makava manje manje. Ninakuuzani!"

"Munandiuza?"

"Ninakuuzani, imwe munali kukamba chabe ati eya, eya. Na chinangu, kalavani ifunika inkale le..."

Foni inaduka. Ndinaimbanso, ndinaikweza m'mwamba, ndinaponda ndowe za nkhosa, koma netiweki inali itapita ndi mawu otsalawo.

Zivundikiro zimene a Tembo ankati makavazo ndinazipeza, ziwiri zapulasitiki, zotseka mazenera amene filiji imapumira kuti isazizidwe m'nyengo yachisanu. Nditazichotsa panatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni wa buledi. M'kati munali ulusi wa akangaude ndi masamba ouma a zaka zingapo. Ndinazimitsa gasi, ndinasesa zonsezo ndi mswachi umene ndinaupeza pafupi (unali wa mayi a Tadala, anazindikira mawa lake), ndinayatsanso. Poona kuti dzuwa likuomba mbali yomweyo, ndinamanga chitenje pandodo ziwiri kuti chichite mthunzi.

Pafupi nafe panali kalavani ya banja lina lachikulire la konkuno. Mwamunayo anali atakhala pampando wake ndi kapu ya tiyi, akundiyang'ana ngati akuonera mpira. Anandikuwira kundifunsa ngati zonse zili bwino, n'kunditchula kuti bakha wake. (Anthu a dera lino amaitana aliyense kuti bakha, si mwano. Apongozi nditawamasulira anati munthu ameneyo timusamale.) Ndinayankha kuti zonse zili m'manja.

Zinasinthako, koma osati mokwanira kusunga mankhwala. Dzuwa linali litayamba kupendeka. Mayi a Tadala anali atanyowetsanso thawulo lija kangapo, ndipo ndinawaona akuyamba kupinda zovala za Tadala mwakachetechete. Tinakhala patebulo la m'kalavani kumwa tiyi. Tadala anaika lalanje patebulo, lalanjelo linayamba ulendo lokha, linagubuduzika mpaka kukagwera pamiyendo ya agogo ake.

"Nyumba yanuyi ndi yopendekeka," anatero apongozi. "Ine usiku ndagona mutu kumunsi. Ndalota ndikutsetsereka paphiri ndi dengu la chimanga."

Ndinayang'ana kapu yanga. Tiyi anali atatsamira mbali imodzi. Le... le... Levulo! Chija amisiri amaika pakhoma. Ndinakwera phiri kachitatu, nkhosa zitayamba kale kundizolowera, ndipo kanema anatsimikiza: filiji yotere ili ndi madzi ake amene amazungulira okha m'timapaipi, ndipo ikapendekeka amaima panjira. Malo anga okongola aja ndi amene ankaipha.

Njira inali yoonekeratu. Kukweza miyendo inayi ija, kukolekanso kalavani kugalimoto, kukokera teyala lakumunsi pamatabwa kuti mbali zonse zifanane. Ndinalamula ngati kapitawo kuti aliyense atuluke. Mayi a Tadala anatenga mwana ndi amayi awo kupita kukamtsinje kumunsi kwa munda, ndipo ndinawaona ndi maso angawa onse atatu akudutsa pageti. Ndinapukusa handulo, miyendo yonse m'mwamba. Kalavani inatsala itaima pamateyala ake awiri apakati ndi kateyala kakang'ono kakutsogolo. Ndinapita kuseri kwa mpanda wamiyala kumene ndinaona mulu wa matabwa akale.

Chimene sindinaone n'chakuti apongozi anabwerera panjira.

Ndikubwera ndi matabwa paphewa, ndinaona mphuno ya kalavani ikukwera pang'onopang'ono ngati ng'ombe yonunkhiza mvula. Kateyala kakutsogolo kanasiya nthaka. Kumbuyo kunagunda pansi, gu! M'kati mapoto ndi mbale zinayamba kulira, kenako mawu amene sindidzawaiwala:

"Mayo ine! Ambuye Yesu!"

Ndinataya matabwa, ndinathamanga, ndinalumpha n'kukangamira chitsulo chakutsogolo chokokera. Kwa kanthawi ndinalendewera, miyendo ikupalasa mpweya, kalavani ikuganizira ngati kulemera kwanga n'koyenera kukuwerengera. Kenako inatsika, phi! M'kati mapoto anabwerera kumene anachokera, mawu aja anaitananso Ambuye. Nditaona kuti yakhazikika ndinatsika kuti ndikatsegule chitseko. Mphuno inayambanso kukwera. Ndinalumphiranso, ulendo uno n'kukhala chotang'adza ngati wokwera kabaza.

Apa m'pamene zinandilowa m'mutu. Kumbuyo kwenikweni kwa kalavani kuli chipinda chimodzi chokha.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa. Mkamwini sayenera n'kudziwa komwe kuti apongozi ake amapita kumalo oterowo. Ukawaona akulowera njira imeneyo umayang'ana kumwamba n'kuyamba kuchita chidwi ndi mitambo. Ine ndinali nditakhala pachitsulo, ndikuwayeza kulemera.

"Ndani ali kunjako?" anafunsa apongozi ali m'kati.

"Ndine, amayi."

"Abambo a Tadala, kwachita chivomezi?"

"Ayi, amayi. Ndi kalavani chabe. Chonde, muyende pang'onopang'ono mubwere kutsogolo kuno."



"Sindingabwere."

"Mwavulala, amayi?"

"Sindinavulale." Anatsitsa mawu. "Sindinamalize."

Pali mayankho ambiri amene munthu wanzeru akanapereka, ndipo labwino koposa linali kutseka pakamwa. Ine ndinati, "Musafulumire, amayi."

Bambo wa bakha uja anafika ndi kapu yake kudzafunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndinkalifuna kwambiri. Akanangotenga handulo n'kutsitsa miyendo yakumbuyo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma miyendo yakumbuyoyo ili pansi penipeni pa kawindo ka chipinda chija, ndipo ndikanayenera kumufotokozera amene ali m'katimo ndi chimene akuchita. Ndinamuuza kuti ndikuyesa kulimba kwa chitsulo. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kuitana mkazi wake kuti naye adzaone.

Umu ndi mmene mayi a Tadala anandipezera: nditakwera chitsulo, thukuta kamukamu, azungu awiri ataima pambali ngati mboni.

"Bambo a Tadala, mukutani? Amayi ali kuti? Anati akudzatenga chipewa."

Ndinaloza ndi chibwano. Anayang'ana kumbuyo kwa kalavani, anayang'ana miyendo ili m'mwamba, anandiyang'ana ine. Namwino wamkulu, mayi wolemekezeka, anakhala pansi paudzu n'kuseka mpaka misozi, kuseka kopanda mawu kuja koti munthu amangogwedezeka mapewa. Ndinachita kuwachonderera monong'ona kuti atenge handulo. Anatsitsa miyendo yakumbuyo akusisimabe ndi kuseka.

Chitseko chinatseguka. Apongozi anatsika, chitenje atamanga bwinobwino, chipewa kumutu. Sanandiyang'ane. Anayenda molunjika kumtengo kuja, anasuzumira mundowa kuona mankhwala awo, anakhala pampando, n'kuuza mwana wawo kuti, "Uwauze amuna ako apitirize ntchito."

Ndinapitiriza. Ndinasuzumira m'chipinda chilichonse, ngakhale m'makabati, ndisanakhudze handulo. Ndinakoleka kalavani, bambo wa bakha akundikodola ndi dzanja, ndinakokera teyala pamatabwa. Levulo ndinalibe, choncho ndinathira madzi m'chiwaya n'kuchiika pamwamba pa filiji, ndipo ndinakweza ndi kutsitsa kateyala kakutsogolo mpaka madziwo anagona mofanana mbali zonse. Ndinaika lalanje patebulo. Linakhala phee. Ndinatsitsa miyendo, ndinayatsa kalawi kaja. Mayi a Tadala anatulutsa pulasitala wa m'chikwama chawo cha kuntchito n'kumata chitseko cha filiji, kuti dzanja langa lisalowemonso.

Tinadikira. Nkhuku yonse ija tinadya ndi banja la bakha, apongozi akuwaonjezera m'mbale ngati ana awo, koma kwa ine osaponya liwu ngakhale limodzi. Dzuwa litakhudza nsonga ya phiri, mayi a Tadala ananyamuka. Tonse tinawatsatira. Anamatula pulasitala, anatsegula, anatulutsa botolo la madzi. Linali ndi mame. Anangondigunditsa botololo pakhosi.

Abale anga, ndinakuwa. Kunali kuzizira kwenikweni, koluma, kwa m'sitolo. Bokosi la insulini linachoka mundowa n'kulowa m'malo mwake, ndipo zovala za Tadala zija zinatulukanso m'chikwama.

Lamlungu m'mawa kathireyi ka madzi kamene ndinaika m'kachipinda kapamwamba kanali gwa. Ayisi! Pakati pa munda wa nkhosa, popanda magetsi, m'chilimwe choopsa chija. Ndinazungulira nako munda wonse ndili ndi zovala zogonera, kuonetsa aliyense amene anali atadzuka. Mayi a Tadala anachita kuchepetsa mphamvu ya filiji poopa kuti mankhwala angaume nawo. Ndinathira chakumwa m'tambula, ndinaponyamo timiyala ta ayisi, ndinagwada, n'kupereka kwa apongozi ndi manja awiri. Anamwa pang'ono. Anagwedeza tambula kuti timiyalato tilire. Kenako, koyamba chichitikireni zija, anandiyang'ana.

"Abambo a Tadala, mwagwira ntchito."

Mawu amenewo ndikanatha ndikanawapachika pakhoma.

Pobweza kalavani ndinawafotokozera a Tembo zonse, ndikudumpha zina. Iwo anadabwa ndi ayisi, ati chigulireni filijiyo sinaumitsepo madzi. Mayi a Tadala ndi amene anadzaza mipata imene ndinasiya. A Tembo ataseka n'kupukuta misozi anati n'zomveka, mafiliji akale otere akafooka anthu amachita kuwazula n'kuwatembenuza kuti madzi a m'kati asakanikirane, ndiye kugwedeza kuja kunathandiza. Apongozi anamva zimenezo. Lamlungu lotsatira, nthawi ya maumboni kutchalitchi kwathu, anaimirira pamaso pa Amalawi onse a ku Highfields ndi Spinney Hill n'kuthokoza Mulungu amene anawapulumutsa m'nyumba yoimirira, amenenso anawagwiritsa ntchito iwowo kukonza filiji. Anafotokoza ndi pamene anali. Ine ndinachita chidwi ndi denga.

Ndinaphunzirapo kuti munthu akamakufotokozera chinthu, "eya, eya" si yankho, komanso kuti usanakweze miyendo ya kalavani uziyamba waona kuti apongozi ali kuti, ndipo ukawaona uwayang'anebe mpaka atafika kumene akupita. Koma chilango changa sichinathere ku Derbyshire. Masabata onse amene anatsala asanabwerere ku Ntcheu, m'nyumba yathu yanjerwa yomangidwa pamaziko, apongozi akanyamuka kulowera kumasitepe opita kuchipinda chija, ankaima pakhomo, kutembenuka, n'kufunsa ndi nkhope yosaseka ngakhale pang'ono:

"Abambo a Tadala, miyendo mwatsitsa?"